Mmene oonerera adalandirira Bette Midler m'sewero la Hello, Dolly!

M'mwezi wa Sepitembala 2016, matikiti a sewero la nyimbo ndi magule lotchedwa Hello, Dolly! atayamba kugulitsidwa mumzinda wa New York, m'dziko la America, anthu adagula matikiti a ndalama zoposa madola 9 miliyoni pa tsiku limodzi lokha. Kufikira nthawi imeneyo padalibe sewero lina ku Broadway limene lidapezapo ndalama zochuluka chotero pa tsiku loyamba logulitsa matikiti. Apa n'kuti kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti sewerolo liyambe kuonetsedwa, ndiponso lidali sewero lakale, la m'chaka cha 1964. Chimene anthu ankalimbirana chidali mwayi wodzaona Bette Midler, woimba komanso katswiri wa mafilimu, amene adasankhidwa kutenga mbali yaikulu m'sewerolo.

Mbiri ya sewero limeneli imasonyeza bwino zimene zimachitika eni zisudzo akabwezera pansanja sewero lakale n'kuikamo munthu wotchuka. Oonerera amafika ali okondwa kale, amamuombera m'manja asanatsegule n'komwe pakamwa, ndipo ndalama zolowa pakhomo zimakwera kapena kutsika malinga ndi kupezeka kwa munthu mmodzi yekhayo.

Broadway ndi masewero a nyimbo

Dzina loti Broadway ndi la msewu wina wa mumzinda wa New York, koma pa nkhani za zisudzo limatanthauza nyumba zikuluzikulu 41 zoonetsera masewero, zimene iliyonse ili ndi mipando 500 kapena kuposerapo. Sewero likayamba m'nyumba imodzi limaonetsedwa kasanu ndi katatu pa sabata, ndipo limapitirira kwa miyezi kapena zaka malinga ngati anthu akugulabe matikiti. Ndalama zoyambitsira sewero zimachokera kwa anthu amalonda amene amayembekeza kudzapeza phindu. Nthawi zambiri masewero amatsekedwa ndalamazo zisanabwerere, ndipo n'chifukwa chake eni zisudzo amakonda nkhani zodziwika kale ndiponso maina odziwika kale.

M'sewero la nyimbo, nkhani imayenda mwa kulankhulana, kuimba ndi kuvina, ndipo gulu la oimba ndi zida limakhala m'munsi kutsogolo kwa nsanja. Chaka ndi chaka masewero a ku Broadway amapikisana pa mphoto zotchedwa Tony, zimene zili ndi gawo lapadera la masewero akale obwezeredwa pansanja.

Chiyambi cha Hello, Dolly!

Sewero la Hello, Dolly! lidayamba kuonetsedwa pa 16 Januwale 1964 ku St. James Theatre. Nyimbo zake adapeka ndi Jerry Herman, nkhani adalemba ndi Michael Stewart, ndipo amene adatsogolera sewerolo ndi kukonza magule ake adali Gower Champion. Stewart adatenga nkhaniyo m'sewero lopanda nyimbo la Thornton Wilder lotchedwa The Matchmaker, limene lidaonetsedwa ku Broadway m'chaka cha 1955.

Nkhaniyo imachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Dolly Gallagher Levi ndi mayi wamasiye amene amapeza ndalama mwa kulumikizitsa amuna ndi akazi ofuna banja. Ntchito yake imasiyana ndi ya nkhoswe, chifukwa iye si wachibale ndipo amalipiritsa. Horace Vandergelder, wamalonda wolemera koma woumira wa m'tauni ya Yonkers, amulemba ntchito yoti amupezere mkazi, osadziwa kuti Dolly watsimikiza kale mumtima kuti mkaziyo akhale iye mwini. Pamene Vandergelder wapita ku New York, anyamata awiri ogulitsa m'sitolo mwake atseka sitoloyo mozemba n'kupitanso kumzinda komweko kukasangalala. Onsewa akumana mosayembekezera mu lesitilanti yapamwamba yotchedwa Harmonia Gardens.

Sewerolo lidapata mphoto za Tony zokwana 10, ndipo palibe sewero lina la nyimbo limene lidaposa chiwerengerochi mpaka m'chaka cha 2001. Lidaonetsedwa maulendo 2,844 lisanatsekedwe mu Disembala 1970. Nyimbo imene dzina la sewerolo lidachokera idatchuka kwambiri Louis Armstrong ataijambula, ndipo mu Meyi 1964 idakhala pamwamba pa nyimbo zonse zogulidwa ku America, kuchotsapo gulu la Beatles. Armstrong yemweyu ndi amene zaka khumi m'mbuyomo adajambula Skokiaan, nyimbo ya August Musarurwa wa ku Zimbabwe.

Sewero lodalira katswiri

Kuyambira pachiyambi, Hello, Dolly! lakhala sewero lodalira mkazi mmodzi wotchuka. Woyamba kutenga mbali ya Dolly adali Carol Channing, amene adaiseweranso ku Broadway mu 1978 ndi mu 1995. Channing atachoka m'sewero loyambalo, mwini wake David Merrick ankalipatsa moyo posinthasintha akatswiri. Padabwera Ginger Rogers, Martha Raye, Betty Grable, Phyllis Diller ndipo pomaliza Ethel Merman. Mu Novembala 1967, chidwi cha anthu chitayamba kuzilala, Merrick adasintha azisudzo onse n'kuikamo anthu akuda okhaokha, motsogozedwa ndi Pearl Bailey ndi Cab Calloway. Anthu adayambanso kudzaza holo, ndipo mu 1968 Bailey adalandira mphoto yapadera ya Tony. Mu 1969 padatuluka filimu ya sewerolo, momwe Dolly adali Barbra Streisand.

Chimene chimachititsa kuti seweroli ligwirizane chotere ndi akatswiri chili m'gawo lake lachiwiri. Dolly, amene wakhala zaka zambiri osafika ku Harmonia Gardens chimwalirireni mwamuna wake, amatulukira pamwamba pa masitepe atavala diresi lofiira ndi nthenga kumutu. Pamene akutsika pang'onopang'ono, operekera zakudya onse amamulandira ndi nyimbo yomuuza kuti amusowa ndipo akondwa kuti wabweranso. Mbaliyo ikatengedwa ndi katswiri amene anthu akhala akumukonda kwa zaka makumi angapo, malonje a operekera zakudya aja amasanduka malonje a oonerera kwa katswiriyo. Apa zimavuta kusiyanitsa ngati anthu akuombera m'manja Dolly kapena mayi amene wavala zovala za Dolly.

Kubwereranso mu 2017

Bette Midler adabadwira ku Honolulu, pa zilumba za Hawaii, mu Disembala 1945. Ali mtsikana, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, adasewerapo ku Broadway mbali ya mmodzi wa ana aakazi m'sewero la Fiddler on the Roof. Kutchuka kwake kudadza ndi chimbale chake choyamba cha mu 1972, kenaka ndi mafilimu monga The Rose wa mu 1979, Beaches wa mu 1988 ndi Hocus Pocus wa mu 1993. Ngakhale adali wodziwika chotero, adali asanatsogolerepo sewero la nyimbo lokhala ndi nkhani ku Broadway. Pamene ankalowa m'mbali ya Dolly n'kuti ali ndi zaka 71.

Sewerolo lidayamba kuonetsedwa moyeserera pa 15 Malichi 2017 ndipo lidatsegulidwa mwalamulo pa 20 Epulo ku Shubert Theatre, nyumba ya mipando yoposa 1,400. Mwini wake adali Scott Rudin, wotsogolera adali Jerry Zaks, ndipo magule adakonza ndi Warren Carlyle potsatira kwambiri ntchito ya Champion. David Hyde Pierce adatenga mbali ya Vandergelder. Okonza sewerolo sadafune kulisintha kuti lioneke lamakono. Zovala za mitundu yowala, zithunzi zojambulidwa pa nsalu zakumbuyo ndiponso kanjira kozungulira gulu la oimba, kamene kamafikitsa katswiri pafupi ndi oonerera, zonse zidatsatira kachitidwe kakale.

Zimene zinkachitika m'holo

Atolankhani ndi olemba ndemanga za zisudzo amene adaonera sewerolo adafotokoza zinthu zofanana. Kumayambiriro kwa sewero, ngolo yokokedwa ndi hatchi inkalowa pansanja itanyamula amayi obisa nkhope kuseri kwa nyuzipepala. Mmodzi wa iwo akangotsitsa nyuzipepala n'kuoneka kuti ndi Midler, holo yonse inkaphulika ndi kukuwa ndi kuomba m'manja, moti sewero linkayamba laima kudikira kuti phokoso lithe. Pa nyimbo ya pa masitepe ija, anthu ankaimirira n'kuomba m'manja sewero lili mkati, chinthu chimene kawirikawiri chimachitika pamapeto penipeni.

Mbali ina imene idatchuka idali yopanda mawu. Chipwirikiti cha mu lesitilanti chitatha, anthu ena onse atasonkhana m'bwalo la milandu, Dolly ankapitiriza kudya chakudya chake yekha patebulo kwa mphindi zingapo, osalabadira kuti woweruza akumudikira. Midler ankaitalikitsa mbaliyi ndi nkhope ndi manja basi, ndipo anthu ankaseka mosalekeza.

Olemba ndemanga ambiri adayamikira sewerolo. Ena adanena poyera kuti mawu a Midler sadalinso amphamvu monga kale ndiponso kuti sankavina kwambiri, koma adavomereza kuti izi sizinkasokoneza oonerera, pakuti luso lake lalikulu lidali lodziwa kucheza ndi chikhamu cha anthu. Mu Sepitembala 2017 adagwa pansanja zipangizo zina zitalephera kuyenda bwino. Sewero lidaima kwa kanthawi, ndipo iye adabwerera n'kulimaliza.

Pa mwambo wa mphoto za Tony wa mu Juni 2017, sewerolo lidapikisana m'magawo 10 ndipo lidapambana anayi: sewero lakale la nyimbo lobwezeredwa bwino koposa, mkazi wotsogolera sewero la nyimbo, imene idapita kwa Midler, mwamuna wothandizira, imene idapita kwa Gavin Creel, ndi zovala, imene idapita kwa Santo Loquasto. Midler sadaimbe pa mwambowo, ngakhale kuti masewero opikisana amagwiritsa ntchito mpata umenewu kudzitsatsa pa wailesi ya kanema. Amene ankafuna kumuona akuimba ngati Dolly adayenera kugula tikiti.

Mtengo wa tikiti

Pa nthawiyo mtengo wapakatikati wa tikiti ku Broadway udali woposa pang'ono madola 100. Mipando yabwino ya Hello, Dolly! inkagulidwa pa madola mazanamazana, ndipo m'masabata omaliza a Midler mipando ya mzere wakutsogolo idafika pa madola 998. M'masabata ambiri amene iye ankasewera, sewerolo linkalowetsa ndalama zoposa madola 2 miliyoni.

Mitengo yotere imakhudza mtundu wa anthu olowa m'holo ndiponso khalidwe lawo. Munthu amene wasunga ndalama miyezi yambiri, kapena wayenda ulendo wa pandege kudzaona katswiri amene wamukonda chiyambire ubwana wake, amafika atatsimikiza kale kuti usiku umenewo ukhala wosaiwalika. Kwa zaka zambiri olemba za zisudzo ku New York akhala akudandaula kuti kuimirira poomba m'manja kwasanduka chizolowezi cha usiku uliwonse, ndipo ena mwa iwo amati kukwera mtengo kwa matikiti n'kumene kumalimbikitsa zimenezi, poti munthu safuna kuvomera kuti wataya ndalama pachabe. Ena amatsutsa ponena kuti chikondi cha anthu kwa katswiri wokalamba amene akugwirabe ntchito yolemetsa usiku ndi usiku n'chenicheni, ndipo n'chimodzi mwa zinthu zimene munthu sangazipeze poonera filimu.

Katswiri akasowa

Umboni woonekeratu wa chimene anthu ankalipirira udapezeka pa masiku amene Midler sankasewera. Kuyambira mu Juni 2017, mbali ya Dolly Lachiwiri lililonse madzulo inkatengedwa ndi Donna Murphy, amenenso ankalowa m'malo Midler akapita kutchuthi. Murphy si wophunzira ntchito. Adapatapo mphoto ya Tony kawiri, mu 1994 ndi mu 1996, ndipo ambiri amene adamuona ngati Dolly adayamikira kwambiri kaimbidwe kake. Komabe m'masabata a tchuthi cha Midler ndalama zolowa pakhomo zidatsika kufika pansi pa madola miliyoni imodzi. Sewero lidali lomwelo, zovala zomwezo, ovina omwewo, koma mitengo idatsika ndipo mipando inkapezeka mosavuta. Kwa anthu okonda sewerolo palokha, amenewa ndiwo adali masiku oti n'kulowa popanda kusaukira tikiti.

Ku Broadway kuli chizolowezi choti ngati dzina la katswiri lalembedwa pamwamba pa dzina la sewero pa zikwangwani, ndiye iye walephera kubwera, wogula tikiti angathe kupempha kuti amubwezere ndalama kapena amusinthire tsiku. Chizolowezichi chimavomereza poyera kuti katswiriyo ndi mbali ya katundu amene wagulitsidwa.

Midler adamaliza nyengo yake yoyamba pa 14 Januwale 2018. Bernadette Peters, mmodzi wa akatswiri olemekezeka a masewero a nyimbo, adalowa m'malo mwake pa 20 Januwale pamodzi ndi Victor Garber. Naye adalandiridwa bwino, koma ndalama za pa sabata sizidafikenso pamene zidali kale. Mu Julayi 2018 Midler ndi Hyde Pierce adabwerera kwa masabata asanu ndi limodzi, ndipo sewerolo lidatsekedwa pa 25 Ogasiti 2018 litaonetsedwa maulendo oposa 500.

Zitsanzo zina

Zofanana ndi zimenezi zidaonekanso pa sewero la Funny Girl, limene lidatchukitsa Barbra Streisand mu 1964 ndipo lidakhala zaka 58 lisanabwererenso ku Broadway. Lidatsegulidwa mu Epulo 2022 ku August Wilson Theatre motsogozedwa ndi Beanie Feldstein, amene adayambira ntchito ya ku Broadway mu Hello, Dolly! ya Midler. Olemba ndemanga ambiri adati mawu ake sadakwanire nyimbo zolemera za m'sewerolo, ndipo matikiti adayamba kuyenda pang'onopang'ono. Feldstein adachoka pa 31 Julayi. Pa 6 Sepitembala padalowa Lea Michele, amene anthu adamudziwira pa pulogalamu ya pa wailesi ya kanema yotchedwa Glee, momwe adaimbapo nyimbo za m'sewero lomweli. Usiku wake woyamba anthu adaimirira n'kuomba m'manja maulendo angapo sewero lili mkati. Ndalama za pa sabata zidakwera kwambiri, ndipo sewero limene linkaoneka ngati likutsekedwa lidabweza ndalama zonse zoliyambitsira, madola 16.5 miliyoni, lisanathe pa 3 Sepitembala 2023.

Ku London, m'dziko la Britain, sewero la Sunset Boulevard la Andrew Lloyd Webber lidabwezeredwa pansanja mu Epulo 2016 ku London Coliseum ndi Glenn Close, amene adalitsogoleranso ku Broadway mu 1994. Close atadwala, mbali yake idatengedwa ndi Ria Jones wa ku Wales. Chilengezo chitaperekedwa, ena mwa oonerera adakuwiza ndipo ena adatuluka kukafuna ndalama zawo. Amene adatsala adaimirira pamapeto n'kumuombera m'manja Jones kwa mphindi zingapo. Ambiri sankadziwa kuti Jones ndiye adali woyamba kuimba mbali imeneyo, pamene sewerolo linkayesedwa mu 1991. Chaka chotsatira, mu 2017, adapatsidwa mbaliyo kuti atsogolere sewerolo pa ulendo wozungulira mizinda ya ku Britain.

Mu 2025, ku London Palladium, wotsogolera masewero Jamie Lloyd adadzutsa mtsutso wa mtundu wina pa sewero la Evita la mu 1978. Rachel Zegler, amene adatenga mbali ya Eva Perón, ankaimba nyimbo yotchuka koposa ya m'sewerolo ali pakhonde lam'mwamba kunja kwa nyumbayo, moyang'ana msewu wa Argyll Street. Anthu mazanamazana ankasonkhana mumsewu kudzamuona kwaulere, pamene ogula matikiti ankaonera mbaliyo pa kanema m'kati mwa holo. Ena mwa olipira adadandaula kuti alandidwa chimene adagula. Ena adati zimenezi zidagwirizana ndi nkhani ya mkazi wa pulezidenti wa Argentina amene ankalankhula kwa anthu osauka ali pakhonde. Mbali zonse ziwiri zinkakangana pa chinthu chimodzi, ndicho kukhala pamaso pa katswiri iye akuimba.

Phindu ndi zovuta zake

Oikira kumbuyo mchitidwe woika anthu otchuka m'masewero akale amati popanda maina otere, sewero ngati Hello, Dolly!, lofuna ovina ambiri, gulu lalikulu la oimba ndi zovala zodula, silingapeze woikamo ndalama. Katswiri mmodzi amabweretsa ntchito kwa anthu ambirimbiri ogwira pansanja ndi kuseri kwake, ndipo amakopa anthu amene sadalowepo m'nyumba ya zisudzo.

Otsutsa amati mchitidwewu umakweza mitengo mpaka anthu opeza pang'ono, ophunzira ndi azisudzo anzawo amene amatsalira panja. Amatinso umaika sewero lonse pa thanzi la munthu mmodzi, ndipo umachititsa kuti azisudzo aluso koma osadziwika azilandiridwa ndi nkhope zokhumudwa asanayambe n'kuimba komwe. Pali nkhawa inanso yoti nyumba zikuluzikulu zikadzaza ndi masewero akale, olemba masewero atsopano amasowa poonetsera ntchito zawo.

Sewero la Hello, Dolly! lidapitirira Midler atachoka. Chakumapeto kwa 2018 lidayamba ulendo wozungulira mizinda ya ku America motsogozedwa ndi Betty Buckley. Carol Channing adamwalira mu Januwale 2019 ali ndi zaka 97, ndipo Jerry Herman adamwalira mu Disembala chaka chomwecho. Ku London, sewerolo lidakonzedwa mwatsopano ndi wotsogolera Dominic Cooke. Lidayenera kuyamba mu 2020 koma lidalephereka chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo lidaonetsedwa mu 2024 ku London Palladium. Mbali ya Dolly idatengedwa ndi Imelda Staunton, amene mu 2025 adalandira nayo mphoto ya Olivier ya mkazi wotsogolera sewero la nyimbo.